Maapulo Atatu m'Ngalande

Ba Chilekwa Kasoma, mlongo wawo wa malemu amuna anga, anatenga chakudya chimene ndinaphikira mwana wanga wodwala n'kuchikhuthulira m'ngalande ya kuseri kwa nyumba yathu ku Matero. Linali Lachinayi masana, anthu akuona. Dzina ndalemba lonse dala, kuti pasapezeke wofunsa kuti Chilekwa wake uti. Ine ndine Chrissie, amake Ketty. Ndiyamba poyambira, kuti mukamandiweruza muweruze mutamva zonse.

Amuna anga, Ba Wilbroad, anali ophika pa hotela ina m'tauni. Hotelayo itagulitsidwa, eni ake atsopano anasonkhanitsa antchito akale pabwalo n'kuwauza kuti akapume. Chinali chaka chija ufa unkakwera mtengo munthu uli pamzere. Ba Wilbroad anazungulira Lusaka yense ndi makalata awo a ntchito m'pepala la pulasitiki, mpaka tsiku lina m'mawa anagwa pakhomo akumanga zingwe za nsapato. Sanadzukenso.

Ine ndine wa ku Katete, iwo anali a kumpoto. Kwawoko amati mkazi wamasiye amayenda ndi imfa ya mwamuna wake m'thupi mpaka abale a malemu adzamuchotse imfayo. Asanamuchotse sakhudza moto wa pakhomo, ndipo saphikira munthu wina aliyense, ngakhale mwana wobala yekha. Sindinakane. Ndinakwatiwa kumeneko, ndinati ndisenza. Woyenera kudzandimasula anali mkulu wawo, Ba Kapambwe, amene amakhala kumudzi. Kalata yoyamba inati mlatho wakokoloka. Yachiwiri inati adikire kukolola. Yachitatu inati mabasi akwera. Miyezi isanu ndi iwiri ine ndili m'nsalu yakuda, ndikudya zopakuliridwa ngati mlendo m'nyumba yanga. Zitumbuwa zimene ndinkagulitsa pamsewu ndinaleka.

Wopakulayo anali Ba Chilekwa. Anabwera kumaliro ndi chikwama chimodzi, ena onse atabwerera iwo anatsala kuti aziphika. Sitovu yathu ndi ya magetsi, ya mapuleti awiri, ndipo imodzi inafa kalekale. Yamoyoyo ili ndi kabatani kakuda kopotokola. Ba Chilekwa akamachoka, ngakhale kupita kumpopi, ankazula kabataniko n'kukamanga pamfundo ya chitenje. Ankati sakundiganizira zoipa, koma munthu wozolowera kuphika dzanja limapita lokha.

Kenako Ketty anabwera. Mwana wanga mmodzi yekhayo, wa zaka makumi awiri ndi ziwiri. Anakwatiwa ku Chawama, ndipo abale a mwamuna wake anamubweretsa pa wilibala, atamufunditsa bulangete, n'kumusiya pakhomo ngati thumba la makala. Matenda ake sindiwatchula. Mukuwadziwa, ali m'nyumba zanu nanunso. M'kamwa monse munali zilonda mpaka kukhosi. Kuchipatala anamuyang'ana n'kundiuza kuti mankhwala kulibe, ndikamudyetse zofewa.

Ndisaname, Ba Chilekwa anayesa. Ankasefa ufa kawiri, phala lawo linkatuluka losalala, ankaliuzira ndi pakamwa pawo n'kumamunyengerera mwanayo ngati khanda. Koma Ketty akangomva fungo la phala ankatembenukira kukhoma. Anatha masiku anayi akumwa madzi okha. Tsiku lachisanu ndikumupukuta kumaso anandigwira chala.

"Amai, nifuna maapulo yaja benze kuphika batate."

Kuhotela kuja maapulo ogundika ankawataya. Ba Wilbroad ankawatola n'kubwera nawo kunyumba m'chipewa chawo choyera cha ntchito. Lamlungu masana ankawasenda, kuwadula, n'kuwaphika pang'onopang'ono ndi shuga ndi sinamoni, kaufa kofiirira konunkhira kamene ankasunga m'kachitini. Ketty ali wamng'ono ankakhala pampando miyendo ili lendelende, supuni m'manja, kudikira. Ine ndinkawaseka kuti mwamuna wamkulu akuphika chipatso ngati ndiwo. Koma ndinkaonera, ndipo dzanja lawo ndinaliloweza.

Ndinapita kwa Ba Chilekwa ndi ulemu wonse. Ndinagwada. Ndinati ndikapeza maapulo aphike ndi iwo, ine ndiime pakhomo la khitchini ndizingowauza zochita. Anandiyang'ana ngati ndawapempha kuti aphike sopo. Anati chipatso Mulungu anaphika kale pamtengo, kuti zotsekemera zimakulitsa zilonda, kuti zakudya za azungu n'zimene zinamuiwalitsa mlongo wawo kwawo. Anamaliza ndi kuti wodwala salamula, akamva njala yeniyeni adzadya phala.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Lachitatu ndinayenda wapansi kuchoka ku Matero mpaka kumsika wa Soweto, kwa Philomena, mnzanga wa kutchalitchi amene amagulitsa zipatso. Nditamuuza, anapisa dzanja pansi pa katoni n'kutulutsa maapulo anayi ogundika, amabala abulauni, amene ogula anawakana. Anawakulunga m'nyuzipepala n'kundikankhira pachifuwa. Kunyumba ndinawabisa m'sutukesi, m'chipewa choyera chija. M'thumba la jekete ya ntchito ya amuna anga ndinapeza kachitini ka sinamoni. Munatsala kochepa pansi, kokwanira kuphika kamodzi.

Lachinayi lililonse Ba Chilekwa ankapita kumsonkhano wa amayi kutchalitchi kwawo. Ankanyamuka fotini awazi, 2 koloko masana, kubwera dzuwa litapendeka. Tsiku limenelo anavala bulauzi yoyera, anazula kabatani, anamanga pachitenje, anandiuza kuti phala lili pakabati ngati mwana angafune. Ndinawaperekeza ndi maso mpaka anakhota pa shopu ya njerwa zofiira.

Pansi pa bedi panali bokosi la zida la Ba Wilbroad. Ndinatengamo pulayala. Pamene panachoka kabatani pamatsala kachitsulo kotulukira kunja. Ndinakapana n'kupotokola. Kanalira kuti tha. Ndinaika chikhatho pamwamba pa puleti, ndipo patapita nthawi ndinamva kutentha kukukwera. Miyezi isanu ndi iwiri. Nanenso ndinakulira m'miyambo, ndipo mumtima munali mawu ondifunsa kuti nanga zikakhala zoona.

Ndinasenda maapulo atatu, limodzi ndinasiya m'chipewa kuti likhale la mawa. Ndinasenda mopyapyala kuti nyama isapite ndi khungu, ndinachotsa mabala ndi nsonga ya mpeni, ndinadula tizidutswa tonga chala. M'kapoto kolemera ka amuna anga ndinaikamo majarini wa kunsonga kwa supuni, amene ndinachita kukanda pansi pa chitini. Atasungunuka ndinathira maapulo, shuga supuni ziwiri, madzi pang'ono, ndipo kachitini kaja ndinakagogoda mpaka kanayera. Ndinavundikira.

Vuto la chakudya chimenechi n'loti sichifulumizidwa. Ukakweza moto shuga amapserera pansi, maapulo n'kukhala aawisi m'kati. Ba Wilbroad ankakonda kundinena kuti apulo silifuna ukali, n'chifukwa chake ine sindingaliphike. Ndinatsitsa moto ndi pulayala ija n'kuima pomwepo, khutu lina kupoto, lina kumsewu. Njinga ikadutsa mtima unkadumpha. Ndinatsegula, ndinatakasa, ndinayesa kudula kachidutswa ndi supuni. Kanali kolimbabe.

Chimene sindinaganize ndi fungo. Ndinali nditaiwala. Sinamoni akatentha sakhala m'poto. Anadzaza khitchini, analowa pabalaza, anatulukira m'mipata ya malata. Ndinatseka zenera, ndinatsekera chiguduli pansi pa chitseko, koma zinali ngati kutseka utsi ndi dengu. M'mzere wathu wonse mumanunkha kapenta ndi kabichi chaka chonse. Fungo ili linali lachilendo ngati galimoto yatsopano.

Kuchipinda ndinamva bedi likulira.

"Amai," anatero Ketty, mawu ali ngati a munthu wolota. "Batate babwera?"

Ndinamuuza kuti agone, zatsala pang'ono. Ndinaluma chitenje kuti asamve kuti ndikulira. Nditatsegulanso poto, madzi anali atasanduka uchi wofiirira, tizidutswa tayamba kuwala, supuni ikulowa mosavuta. Panangotsala kuti ndiphule, ndidikire zizizire pang'ono chifukwa cha zilonda zija.

Chitseko chinakankhidwa, chiguduli chinakwawa pansi. Ba Chilekwa.

Ndinamva pambuyo pake kuti msonkhano sunachitike, amayi anagwirizana zopita kunyumba ya maliro, ndiye iwo anabwerera kudzatenga duku. Fungo analimvera kumpopi. Anaima pakhomo la khitchini. Anayang'ana poto, anayang'ana pulayala ili lende pasitovu, anagwira mfundo ya chitenje chawo ngati akufuna kutsimikiza kuti kabatani kadakalipo.

"Bana Ketty," anatero motsitsa mawu, kunditchula amake Ketty mwa Chibemba. "Mwachita chani?"

Ndinati ndaphikira mwana wanga. Ndinati si nsima, si ndiwo, mchere mulibe ngakhale kambewu kamodzi, ndi chipatso chabe chotenthetsa. Ndinali nditakonzeratu mawu amenewa usiku wonse wapitawo, ndipo ndinkaona ngati ndi amphamvu.

"Moto ni moto," anatero. "Imfa siifunsa ngati muli mchere."

Ndinati ndiye Ba Kapambwe abwere lero lomwe adzandichotse imfayo, chifukwa mwana sangadikire mlatho. Ndinawafunsa ngati mwambo wa kwawo unanenapo kuti mkazi wamasiye adikire miyezi isanu ndi iwiri. Iwo anandiuza za Moven, mwana wawo woyamba, amene ine sindinamuonepo. Anati ali ndi zaka zinayi anadya mbatata kwa mkazi wina wamasiye wosamasulidwa, mawa lake anatupa, sabata isanathe anamuika. Ankanena misozi ikutsika, osaipukuta.

"Nashika mwana wanga, nashika ndume yanga," anatero, Chibemba chikusakanikira monga chimachitira akakwiya. Ndiko kuti anaika m'manda mwana ndi mlongo. "Uyu yeka ndiye magazi ya Wilbroad yasala. Simuzamupaya na manja yanu nili pano."

Anakulunga chitenje m'manja n'kunyamula poto. Ndinawagwira pamkono. Ndine wamphamvu kuposa iwo, ndinasenza nkhuni ku Katete ubwana wanga wonse. Koma poto anapendekeka, uchi uja unafika m'mphepete, ndipo ndinaona kuti tikalimbana zonse zitayikira pansi. Ndinawasiya, poganiza kuti akaika pathebulo tikambirane. Kupusa kwanga kunali kumeneko.

Anatuluka khomo la kuseri, ine pambuyo ndikuwatchula maina onse aulemu amene ndimadziwa. Ba mulamu. Ba tata bakazi ba Ketty. Mayo. Anafika pangalande pamene timataya madzi otsukira mbale, anatembenuza poto, anagogoda pamwala kawiri kuti zotsalira zigwe. Maapulo anagwera m'matope akuda akufuka nthunzi. Abakha a nyumba yachitatu anabwera akuthamanga.

Azimayi anali ataima m'mipanda yawo.

Sindinawamenye. Anthu ena akunena kuti ndinawamenya, akunama. Ndinakhala pansi pamwala wochapira. Ba Chilekwa anatsuka poto ndi phulusa katatu, anamwaza madzi pasitovu akunong'ona pemphero, anachotsa pulayala n'kuiponya padenga.

Ndiye pazenera la kuchipinda panamveka mawu aja.

"Amai, yapya?"

Amene munabalapo, ndiuzeni yankho la funso limenelo.

Kuseri kwa mpanda wathu kumakhala Ba Mwanajuma, Msilamu, kwawo ndi ku Mangochi koma anakalambira muno. Nawonso ndi amasiye. Anandiitana ndi dzanja. Nditafika sanandipepese, anangofunsa ngati apulo latsalako. Ndinati limodzi, koma sinamoni watha. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kakhungwa kouma kopiringizika, kamene amathira mu tiyi pa masiku a chikondwerero. Anati ndi yemweyo, asanasinjidwe. Mbaula yawo inali ndi moto kale.

"Ine pa masiku anga olira ndinkaphikira ana asanu," anatero. "Onse alipo, ena akundisowetsa mtendere mpaka lero. Koma kwa eni kulibe mkuwe. Bweretsani apulolo ndiphike ine, inu muzingondiuza. Alamu anuwo asowa chonena."

Apa ndiye pamene mungandigwire, ndipo ndikuuzani ndekha. Ndikanavomera. Mlandu ukanathera pomwepo, mwambo wosasweka, mwana atadya. Ndinakatenga apulo m'chipewa, ndinabwera nalo, ndinatsala pang'ono kuwapatsa. Koma linali limodzi. Ba Mwanajuma anali asanaphikepo, ndipo mbaula si sitovu, ikapsereza yapsereza. China n'chakuti ndinayang'ana manja anga. Manja amene anamusambitsa Ketty tsiku lobadwa, amene ankamupukuta chilichonse chotuluka m'thupi mwake masabata onsewa popanda wonena kuti ali ndi imfa. Kuchapa matewera a munthu wamkulu manja anga anali oyera. Kumuphikira ndiye akhale akupha?

Ndinati zikomo, ndiphika ndekha.

Ndinaphikira pakhonde pawo, poyera, mzere wonse ukuona. Ndinaphula makala ena kuti moto ufatse. Kakhungwa kaja ndinakaphwanya ndi mwala n'kukaponya momwemo. Majarini panalibe, ndinadontheza mafuta ophikira. Sindinathamange. Ndinatakasa ngati mmene ankatakasira Ba Wilbroad, kuchokera m'mphepete kupita pakati, mpaka supuni inadula popanda kukankha. Ndinachotsa makungwa, ndinaphwanya maapulo ndi supuni, ndinathira m'kapu. Sanafike ndi theka lomwe.

Ndinadzera khomo la kumaso. Ba Chilekwa anali ataima pamenepo, manja atatambasula kugwira mafelemu onse awiri.

Anandiuza kuti ndikalowa nako kapuko alembera Ba Kapambwe kuti asabwerenso. Anati ndidzafa ndi imfa ya mlongo wawo m'thupi, palibe mwamuna adzandiyandikire, palibe munthu adzadye cha m'manja mwanga. Anati chilichonse chidzachitike kwa mwanayo chidzakhala pamutu panga, ndipo adzanena pamaliro pamaso pa anthu.

"Namva," ndinatero. "Sunthani."

Sanasunthe. Tinayang'anizana, kapu ikundiotcha zala. Sindikudziwa chimene ndikanachita, ndipo ndikuthokoza kuti sindinachidziwe, chifukwa kumbuyo kwawo kunamveka kukhwekhwereza. Ketty anali atadzuka yekha. Munthu amene sanaponde pansi sabata ziwiri anali ataima pakhomo la chipinda, atagwira khoma, diresi ikulendewera ngati yapachingwe.

"Ba anti," anatero. "Nimvela njala."

Ba Chilekwa anatembenuka n'kumuyang'ana. Dzanja limodzi linatsika lokha pafelemu. Ndinadutsa pamenepo.

Ndinamukhazika pabedi, ndinauzira supuni, ndinamupatsa. Anatseka maso. Kumeza kunamupweteka, ndinaona khosi likukana, koma anameza. Anatsegulanso pakamwa. Anadya supuni zisanu ndi imodzi, ndinawerenga, ndipo yomaliza anaigwira yekha n'kuinyambita kumbuyo ngati kale. Anati batate ankathira shuga wambiri kuposa ine. Kenako anagona, ndipo sanasanze.

Ba Chilekwa anakhala pasitepe mpaka dzuwa kulowa. Loweruka anamanga chikwama chawo. Analowa kuchipinda, anamugwira Ketty pamphumi nthawi yaitali, anatuluka osandiyang'ana. Kabatani anapita nako. Pulayala ndinakaitsitsa padenga ndi mtengo wa mpanda, ndipo ndi imene ndikuyatsira sitovu mpaka lero.

Papita masabata atatu. Kalata ya Ba Kapambwe inafika, yoyamba kufika msanga. Akuti popeza ndadzimasula ndekha, iwo alibenso ntchito kuno. Ndinayesa kuyambiranso zitumbuwa. Ndinakhala pamsewu kuyambira m'mawa mpaka madzulo, anthu amene akhala akudya zitumbuwa zanga zaka khumi ankandipatsa moni n'kukagula kwa wina patsidya. Kutchalitchi pa chakudya cha pamodzi mbale yanga inabwerera yodzaza. Ngakhale a kwathu ku Chipata ndi ku Katete, amene mwambowu si wawo, akuti kusamala sikupweteka.

Ketty sanachire, ndisakunamizeni. Miyendo idakali ngati bango. Koma akudya. Philomena amandisungira ogundika, Ba Mwanajuma amandibenthulira khungwa, ndipo dzulo mwanayo analola phala nditasakanizamo maapulo. Amakhala pakhomo kuwothera dzuwa. Anthu odutsa amamuyang'ana, kenako amayang'ana ine, ndipo ndimadziwa chimene akudikira. Akachira adzati ndi Mulungu. Akapita adzati ndi manja a Chrissie.

Ndiye inu amene mwawerenga mpaka pano, musangopukusa mutu n'kupinda pepala. Ba Chilekwa anali ndi mantha awo, ndawalemba osachotsapo. Kulakwa kwanga nakonso ndalemba, kuti Ba Mwanajuma anandipatsa njira ine n'kuikana. Tsopano ndinu. Mwana wanu wagona masiku anayi osadya, wapempha chinthu chimodzi, apulo latsala limodzi, ndipo manja amene akudziwa kuliphika ndi anu. Mukanapatsa ndani supuniyo? Musandiuze za mwambo, musandiuze za Mulungu, onsewo ndawamva. Ndikufunsa inu. Ndili pa nyumba ya chitseko chobiriwira kuseri kwa shopu ya njerwa zofiira, fungo likulondolerani. Bwerani mudzandiyankhe pamaso, ndipo mukabwera ndidzakupakulirani. Ndidzaone ngati mudzadya.